Kucheza ndi ana ofunsira malo pa yunivesite yomwe munaphunzira: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kudzipereka

Tsambali talembera anthu omwe anaphunzira m'mayunivesite a ku America ndipo akuganiza zothandiza sukulu yawo yakale pochititsa intaviyu achinyamata omwe afunsira malo kumeneko. Makolo ndi aphunzitsi a ana omwe akudikira intaviyu yotereyi apezamonso zowathandiza. Yunivesite iliyonse imapereka kabuku kake ka malangizo chaka ndi chaka, ndipo pomwe zathuzi zasiyana ndi za m'kabukumo, tsatirani kabukuko.

Kodi ntchito imeneyi ndi yotani kwenikweni?

Mayunivesite ena a ku America, makamaka omwe si aboma ndipo malo ake ndi olimbirana, amalandira mafomu ochuluka moti ogwira ntchito mu ofesi yosankha ophunzira sangathe kuonana ndi wofunsira aliyense. Harvard yokha inalandira mafomu 54,008 a ofuna kuyamba maphunziro mu 2024, koma inatengapo 1,937. Choncho ofesiyo imapempha ophunzira ake akale, omwe anamwazikana m'maiko ambiri, kuti akumane ndi anawo m'madera omwe akukhala. Mumacheza ndi mwana kwa mphindi 30 kapena ola limodzi, kenako nkulemba lipoti lomwe limakalowa mu fayilo yake pamodzi ndi zotsatira za mayeso, nkhani zomwe walemba yekha ndi makalata a aphunzitsi ake.

Mayina amasiyana. Ku MIT wodziperekayo amatchedwa Educational Counselor, mwachidule EC. Ku Yale ndi ku Princeton amakhala m'makomiti otchedwa Alumni Schools Committee, ku Stanford muli gulu la OVAL, ku Georgetown kuli Alumni Admissions Program. Koma ntchito yake ndi yofanana: kumumva mwanayo, kuyankha mafunso ake okhudza moyo wa pasukulupo, ndi kuuza ofesi zomwe mwaona.

Wokulira ku Malawi zimamudabwitsa poyamba, chifukwa kulowa yunivesite yaboma kumeneko kumadutsa ku bungwe la NCHE ndipo chachikulu ndi mapointi a MSCE. Palibe yemwe amamuyitana mwana kudzamufunsa chomwe amakonda kuchita Loweruka masana. Pachifukwa chimenechi makolo ambiri amaganiza kuti intaviyuyi ndi mayeso omaliza, ndipo inu ndinu wogawa malo. Simuli wogawa malo. Muli ngati mboni pabwalo la mfumu: mumanena zomwe mwaona ndi kumva, mlandu nkugamula ena.

Ndani angadzipereke, nanga ndani sayenera?

Aliyense yemwe anamaliza digiri pa yunivesiteyo angathe kupempha. Mayunivesite ena amalandiranso omwe anachita masitala kapena udokotala pamenepo, koma ambiri amakonda omwe anachita digiri yoyamba, poti ndiwo amadziwa za kuhositelo, kukafeteriya ndi makalasi a chaka choyamba, zomwe anawo amafunsa.

Pali anthu omwe amapemphedwa kukhala pambali. Ngati mwana wanu, m'bale wanu kapena mdzukulu wanu akufunsira malo pomwepo chaka chimenecho, mumapuma chaka chonsecho. Ngati mumalandira ndalama pothandiza ana kudzaza mafomu a mayunivesite, ntchitoyi si yanu. Mphunzitsi wa kusekondale sangachititse intaviyu ana a pasukulu yomwe akuphunzitsa.

Vuto lomwe limabwera kawirikawiri m'maiko ang'onoang'ono ndi lodziwana. Ana a ku Malawi omwe amafunsira malo ku America ambiri amachokera m'sukulu zowerengeka, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama, Saint Andrew's ku Blantyre ndi Bishop Mackenzie ku Lilongwe, ena ali ku African Leadership Academy ku Johannesburg kapena ku Waterford Kamhlaba ku Eswatini. Si zachilendo kutsekula uthenga nkupeza kuti akupatsani mwana wa amene mumapemphera nawo tchalitchi chimodzi, kapena wa abwana anu kuntchito. Bwezani dzinalo tsiku lomwelo. Ngakhale mutadzidalira kuti simungakondere, tsiku lomwe mwanayo sadzatengedwa banjalo lidzayang'ana inu.

Pali malipiro?

Ayi. Mafuta a galimoto, bandulo ya intaneti ndi tiyi yemwe mungamwe pocheza, zonse zimachoka m'thumba mwanu.

Ndingayambe bwanji?

Lowani patsamba la ophunzira akale la yunivesite yanu, konzani adiresi yomwe mukukhala panopa, imelo ndi nambala ya foni. Ana amagawidwa potengera dera, ndiye ngati kompyuta yawo ikudziwabe kuti muli ku Boston pomwe munabwerera ku Lilongwe kalekale, adzakupatsani ana a ku Massachusetts. Kenako lembani ku ofesi yosankha ophunzira kapena kwa wapampando wa komiti ya dera lanu. Maiko omwe ophunzira akale ndi ochepa nthawi zambiri amawaphatikiza pansi pa wapampando mmodzi, kotero musadabwe kupatsidwa mwana wa ku Lusaka, Harare kapena Tete.

Musanalandire dzina loyamba mumachita kamaphunziro kapaintaneti ndi kusayinira malamulo osunga chinsinsi ndi a kakhalidwe pokumana ndi ana osakwana zaka 18. Mayunivesite ambiri amafuna zimenezi chaka chilichonse, ngakhale kwa omwe akhala akuchita zaka zambiri. Nthawi yabwino yolembetsa ndi Ogasiti kapena Seputembala.

Ntchitoyi imachuluka miyezi iti?

Imabwera magawo awiri. Ofunsira mwachangu amatumiza mafomu pofika pa 1 Novembala, zotsatira zawo nkutuluka chapakati pa Disembala. Apa nthawi ndi yochepa kwambiri: mayina amafika sabata yoyamba kapena yachiwiri ya Novembala, ndipo malipoti amafunika mwezi usanathe kapena Disembala akangoyamba. Gawo lalikulu ndi la omwe amatumiza mafomu sabata yoyamba ya Januwale. Amenewa mumacheza nawo mu Januwale ndi Febuluwale, zotsatira nkutuluka mu Malichi. MIT inazolowera kutulutsa zake cha pa 14 Malichi, mayunivesite a gulu la Ivy League, momwe muli Harvard, Yale ndi Princeton, amatulutsa tsiku limodzi kumapeto kwa mweziwo. Otengedwa amayenera kuvomera malo pofika pa 1 Meyi.

Lipoti lofika mochedwa nthawi zambiri limapeza komiti yosankha ophunzira itakambirana kale za mwanayo. Ola lomwe munacheza naye limakhala lapita pachabe.

Ndilandire ana angati?

Werengerani maola atatu pa mwana mmodzi: kulemberana naye mpaka kugwirizana tsiku, kuchezako, ndi ola lathunthu lolemba lipoti. Chaka choyamba musapitirire anayi kapena asanu. Kulandira khumi nkulephera kufikira anayi mwa iwo nkoipa kuposa kukana pachiyambi, chifukwa wapampando amazindikira nthawi itatha yowapatsa munthu wina.

Kodi ndimaona magiredi ndi fomu ya mwanayo?

Mwa mayunivesite ambiri, ayi. Mumalandira dzina, sukulu, imelo, nambala ya foni, mwina ndi maphunziro omwe akufuna kudzachita. Amachita dala. Magiredi ofesi ili nawo kale, ndipo munthu akangodziwa kuti mwana uyu anakhoza ndi mapointi 6 kapena ma A okhaokha, amayamba kumva nzeru m'chilichonse chomwe mwanayo akunena. Ofesiyo ikufuna maso a munthu yemwe sanaone mapepala. Pachifukwa chomwecho musamufufuze pa Facebook, Instagram kapena TikTok musanakumane naye.

Ndimulembere bwanji koyamba, nanga akapanda kuyankha?

Lembani imelo pasanathe masiku awiri kapena atatu chilandirireni dzina. Pamutu pa imeloyo pakhale dzina la yunivesite ndi mawu oti intaviyu. M'kati nenani dzina lanu, chaka chomwe munamaliza, kuti kuchezako kudzatenga pafupifupi mphindi 45, ndipo perekani masiku atatu oti asankhepo, limodzi likhale la kumapeto kwa sabata. Muuzeninso kuti sayenera kubweretsa masatifiketi kapena kuvala suti. Mukapanda kunena, ena amabwereka jekete kwa amalume awo nkudzakhala akutuluka thukuta mu Novembala.

Kusayankha sikutanthauza mwano kapena kusafuna. Imelo yanu mwina yagwera ku spam. Ana a m'sukulu zogonera konko ambiri saloledwa kukhala ndi foni, ndipo makompyuta a pasukulu amawagwira mwa apo ndi apo. Nambala yomwe ili pafomu nthawi zina ndi ya mayi ake kapena ya mphunzitsi. Dikirani masiku atatu, lembaninso, kenako imbani foni kapena tumizani uthenga ngati malamulo a yunivesite yanu akulola. Zikakanikabe, uzani wapampando ndipo lembani masiku omwe munayesa, osaonjezera ndemanga yoti mwanayo alibe chidwi. Chomwe chamulepheretsa simukuchidziwa.

Tikumane kuti?

Pamalo oonekera, pomwe anthu akudutsa koma phokoso ndi lochepa: malo omwera tiyi, laibulale, kapena chipinda cha pasukulu chitseko chili chotsekula. Kunyumba kwanu ayi, kunyumba kwa mwanayo ayi, m'galimoto ayi, pamalo omwera mowa ayi. Musamutenge kapena kumuperekeza pagalimoto yanu ngakhale mvula ikugwa. Ganiziraninso za thumba lake. Hotela yapamwamba imamuchititsa mantha mwana yemwe sanalowemo chibadwire, ndipo ngati malowo ndi otalikira msewu wa minibasi, mwamuonjezera mtengo wa kabaza.

Kuyambira nthawi ya Covid-19 mu 2020 ma intaviyu ambiri amachitikira pa Zoom kapena pulogalamu ina yotere, ndipo mayunivesite ena anapitiriza choncho. Apa zosokoneza ndi zitatu. Choyamba ndi nthawi: mu Novembala mpaka Febuluwale, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amakhala patsogolo pa New York ndi maola 7, patsogolo pa California ndi maola 10, patsogolo pa London ndi maola awiri. Lembani nthawi ya komwe kuli mwanayo, osati ya kwanu. Chachiwiri ndi netiweki ndi magetsi, poti miyezi imeneyi ndi ya mvula. Gwirizanani pasadakhale kuti kanema akamadukaduka muzimitsa makamera, ndipo zikakanika mumuimbira inuyo. Chachitatu ndi bandulo: ola lathunthu la kanema limatha kudya ma megabyte mazana angapo, ndipo mwana sangakuuzeni kuti ndalamayo wachita kubwereka. Mufunseni mwachindunji ngati kucheza kwa mawu okha kungamupepukire. Kudukaduka kwa netiweki kusalowe m'malikesi ake.

Kujambula mawu kapena kanema wa kuchezako nkoletsedwa. Makolo akabwera naye, apatseni moni mwaulemu, auzeni nthawi yomwe muthere, nkuwapempha adikire poteropo. Mwana salankhula momasuka bambo ake atakhala pambali.

Ndimufunse chiyani?

Yambani ndi kumukhazika mtima pansi. Muuzeni kuti fomu yake simunaione, kuti si inu mumasankha, ndipo kuti muzilemba pang'ono pakapepala kuti musaiwale. Kenako funsani zophweka: sukulu yake ndi yotani, tsiku lake limayenda bwanji kuchokera podzuka mpaka pogona, ndi phunziro liti lomwe limamuiwalitsa nthawi.

Luso lonse lagona pa funso lachiwiri ndi lachitatu. Mwana akati amakonda sayansi, musathamangire funso lina. Mufunseni kuti ndi chiyani chomwe anayesapo ndi manja ake, chinakanika pati, anafunsa ndani, akanati abwereze akanasintha chiyani. Akati ndi pulezidenti wa kalabu ya zachilengedwe, funsani kuti mitengo yomwe anabzala inapulumuka ingati chilimwe chitadutsa, ndipo anzake atagwa ulesi anatani. Yemwe anachitadi zinthuzo amayankha mwatsatanetsatane, nthawi zina mpaka kuseka pokumbukira zomwe zinalakwika. Yemwe anangolembetsa dzina kuti fomu ioneke bwino amabwerera ku mawu akuluakulu aja: utsogoleri, chitukuko, kusintha dziko.

Funsaninso za ntchito zomwe ana ambiri saziwerengera ngati kanthu. Kugulitsa mu okala ya mayi ake madzulo aliwonse, kulera azing'ono ake, kusamala agogo odwala, kugwira ganyu kuti apeze fizi, kuphunzitsa anzake masamu sukulu ikasowa mphunzitsi. Mayunivesitewa amaziwerengera kwambiri zimenezi, koma mwana samazitchula chifukwa kwa iye ndi moyo wa tsiku ndi tsiku basi. Funso loti "Ukaweruka kusukulu, ndani amakudalira kunyumba?" limatulutsa zambiri kuposa loti "Uli ndi maudindo anji?"

Siyani mphindi khumi zomaliza kuti iye akufunseni. Mwa ola lonselo, inu musalankhule kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Cholakwika chofala kwambiri pa ntchitoyi ndi cha munthu wamkulu yemwe wapeza womumvetsera, nkuyamba kufotokoza za masiku ake a kukoleji mpaka nthawi kutha. Akafika polemba lipoti amapeza kuti za mwanayo sakudziwa kanthu.

Ndi mafunso ati omwe sindiyenera kufunsa?

Magiredi ndi zotsatira za SAT kapena ACT, mayeso olowera m'mayunivesite a ku America. Mayunivesite ena omwe wafunsirako, ndi yomwe akuikonda kwambiri. Mtundu wake, chipembedzo, chipani, matenda, chibwenzi, ndalama zomwe makolo ake amapeza. Mafunso okola, monga masamu amutu ofuna kuona ngati ali wochenjera, nawonso ayi. Mwana akayambitsa yekha nkhani ya mpingo wake kapena ya imfa ya kholo lake, mvetserani, koma musakumbe kupyola pomwe iye wafuna kufika.

Akakufunsani ngati ali ndi mwayi wotengedwa, muuzeni zoona: simukudziwa, ndipo malo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ofunsira. Mawu ngati "usadandaule, iwe walowa kale" amanenedwa ndi mtima wabwino, koma mwana amakawauza makolo ake ngati lonjezo la yunivesite.

Mwana wake ndi wamanyazi, sakundiyang'ana m'maso ndipo akuyankha mwachidule. Ndilembe kuti alibe chidwi?

Musafulumire. Intaviyu imeneyi inapangidwira chikhalidwe chomwe mwana amaphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono kunena zabwino zake pamaso pa akuluakulu. Mwana woleredwa ku Ntchisi kapena ku Katete anaphunzitsidwa zosiyana: wamkulu samuyang'anitsitsa m'maso, sumudula mawu, ndipo kudzichemerera ndi khalidwe loipa. Mukamufunsa chomwe anachita bwino amayankha kuti "tinayesetsa" kapena "aphunzitsi anatithandiza", pomwe ntchito yonse anagwira yekha. Onjezeraninso kuti akulankhula chilankhulo chachiwiri kapena chachitatu, ndi munthu yemwe akumuona ngati wagwira tsogolo lake.

Pali njira zomumasulira. M'malo momufunsa kuti ndi waluso pa chiyani, mufunseni chomwe anzake amabwera kudzamupempha kuti awathandize. M'malo moti afotokoze za iye, afotokoze za chinthu: akuphunzitseni momwe anakonzera wailesi, kapena momwe gule wa kwawo amavinidwira. Akati "tinachita", funsani kuti gawo lake linali liti. Musaope kukhala chete masekondi angapo, poti ambiri amakhala akusanja mawu m'mutu. Moni wa m'Chichewa pachiyambi amathandiza, koma kuchezako kukhale m'Chingerezi, chifukwa ofesi imafunanso kudziwa ngati mwanayo angatsatire zokambirana m'kalasi.

Apa mpomwe wodzipereka wochokera kumaiko athu ali ndi phindu lomwe wina sangapereke. Wowerenga mafayilo ku Princeton mwina sakudziwa kusiyana kwa sekondale ya CDSS yopanda labotale ndi sukulu yophunzitsa silabasi ya maiko ambiri ya IB (International Baccalaureate). Inu mukudziwa. Fotokozani m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, mosakometsera komanso mosapempha chifundo. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yemwe anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nkupanga makina a mphepo opangira magetsi, anadzamaliza ku Dartmouth mu 2014. Mwana wamtundu umenewo sadziwika ndi kuthwa pakamwa, amadziwika mukamufunsa momwe chinthu chake chimagwirira ntchito.

Komano musagwere mbali inayo. Si mwana aliyense wachete yemwe akubisa nzeru. Ngati mwayesa njira zonse ndipo simunapeze chogwirika, lembani choncho.

Nanga yemwe akuoneka kuti analoweza mayankho?

Ambiri amakonzekera, ndipo si mlandu. Mukamva mawu osalala mopitirira, muduleni mwaulemu ndi funso lomwe sakanalilosera, lochokera pa zomwe wangonena. Pa kanema, ngati maso ake akuyenda ngati akuwerenga ndipo yankho lililonse likuchedwa masekondi angapo, lembani zomwe mwaona. Kumuimba mlandu woti amagwiritsa ntchito ChatGPT popanda umboni ayi.

Lipoti labwino limakhala lotani?

Lembani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Pakatha sabata, ana atatu amasakanikirana m'mutu. Kutalika kwake kukhale ndime zitatu kapena zinayi, pokhapokha fomu ya yunivesite yanu itanena zina.

Lipoti lopanda ntchito ndi lodzaza ndi mawu oyamikira: mtsikana wanzeru, waulemu, wolimbikira, adzakhala dalitso pa yunivesite yathu. Owerenga amaona ziganizo zoterezi kambirimbiri tsiku lililonse, ndipo sizimusiyanitsa mwanayo ndi wina aliyense. Lina lopanda ntchito ndi longobwereza mndandanda wa makalabu ndi mphotho, zomwe zili kale pafomu.

Lothandiza limaonetsa. Mwachitsanzo: mtsikanayu anaona kuti mayi ake amaluza pa geni ya tomato koma sadziwa chifukwa chake, ndiye anayamba kulemba m'kope mtengo woodera, wa thiransipoti ndi tomato woola tsiku lililonse kwa miyezi itatu, nkupeza kuti kuoda madengu awiri Lolemba kumaonongetsa kuposa kuoda limodzi kawiri pa sabata. Nditamufunsa ngati mayi ake anavomera, anati anakana kaye mwezi wathunthu, ndipo anafotokoza chifukwa chomwe kukanako kunali ndi nzeru zake. Ndime yotereyi ikuuza komiti kuti mwanayo amaona vuto, amasonkhanitsa manambala, amapirira, ndipo sanyoza maganizo a ena. Simunafunike kulemba liwu loti wanzeru.

Lembaninso mawu ake enieni, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ngati munawalemba pakapepala. Nenani pomwe munakayikira. Nenani ngati panali chosokoneza, monga netiweki kapena phokoso. Za maonekedwe, kavalidwe, thupi ndi kamvekedwe ka Chingerezi chake zisiyeni, pokhapokha ngati kumvana kunavutadi.

Malikesi ndimapereka bwanji?

Mayunivesite ena amafuna nambala pambali pa mawu. Mlandu wa bungwe la Students for Fair Admissions ndi Harvard, womwe unamvedwa ku Boston mu 2018, unaulula kuti kumeneko malikesi amayambira pa 1, yemwe ndi wapamwamba zedi, kutsika mpaka pa 6. Kulikonse komwe muli, werengani tanthauzo la nambala iliyonse m'kabuku kanu.

Odzipereka atsopano amakonda kupatsa aliyense malikesi apamwamba, chifukwa anawa ndi ochititsadi chidwi poyerekeza ndi ana ena onse. Koma muyeso ndi wa ofunsira anzawo, omwe nawonso ndi otsogola m'sukulu zawo. Ofesi imaona malipoti anu onse. Ikazindikira kuti kwa inu aliyense ndi nambala wani, imasiya kuwadalira, ndipo tsiku lomwe mudzakumane ndi mwana wapaderadi mudzasowa mawu omukwezera. Onetsetsaninso kuti nambala ikugwirizana ndi zomwe mwalemba.

Ndamva kuti nkhani ya mtundu wa munthu inasintha. Zikundikhudza bwanji?

Pa 29 Juni 2023 khoti lalikulu la ku America linagamula, pa milandu ya Harvard ndi University of North Carolina, kuti mayunivesite asamaganizire khungu kapena mtundu wa munthu posankha ophunzira. Chigamulocho chinasiya mpata woti wofunsira angathe kufotokoza momwe nkhani za mtundu zakhudzira moyo wake, bola zionetse khalidwe kapena luso lake iye mwini. Kuchokera pamenepo malangizo a odzipereka akhala akusintha, ena mpaka kuletsa kutchula mtundu wa mwana m'lipoti. Gawo limeneli liwerengeni mwatsopano chaka chilichonse, musadalire zomwe munaphunzira kale.

Mwanayo angadzaone zomwe ndalemba?

Zingatheke. Lamulo la ku America la FERPA, la mu 1974, limapatsa wophunzira yemwe walowa pa yunivesite ufulu woona zolembedwa zokhudza iye, ndipo ku Harvard ophunzira ambiri amapempha kuona mafayilo awo, malipoti a intaviyu ali momwemo. Lembani zomwe mungathe kuziikira kumbuyo mwini wake ataziwerenga. Kunja kwa ofesi, za mwanayo musauze munthu, ngakhale akunyumba kwanu kapena mphunzitsi wake. Nyengo ikatha, ng'ambani timapepala tanu ndipo fufutani nambala yake.

Kodi lipoti langa lili ndi mphamvu yanji?

Yochepa kuposa momwe anawo amaganizira, koma ilipo. Mayunivesite amafalitsa chikalata chotchedwa Common Data Set, momwe amasonyeza kulemera kwa chinthu chilichonse posankha, ndipo ambiri amaika intaviyu m'gulu la zongoganiziridwa, pansi pa magiredi, nkhani zolemba ndi makalata a aphunzitsi. Lipoti limagwira ntchito kwambiri komiti ikagawanika pa mwana, kapena likatsimikiza zomwe mapepala akunena, kapena likaulula khalidwe loipa, monga kunyoza anthu ena, lomwe pafomu silinaoneke.

Konzekerani kukhumudwa. Pomwe otengedwa ndi atatu kapena anayi pa 100 alionse, mungathe kucheza ndi ana kwa zaka zingapo osaona ndi mmodzi yemwe akulowa. Odzipereka ambiri amasiyira pamenepa, poganiza kuti malipoti awo sawerengedwa. Amawerengedwa, kungoti inu munaona ana asanu pomwe komiti inaona zikwi makumi angapo.

Dziwaninso kuti si wofunsira aliyense amapatsidwa intaviyu. Yale imanena poyera kuti imayamba ndi omwe komiti ikufuna kudziwa zambiri za iwo, ndipo mayunivesite ambiri amatsimikiza kuti kusowa wocheza naye m'dera sikumuchotsera mwana mwayi.

Akandifunsa za fizi, sikolashipu ndi viza ndiyankhe chiyani?

Nenani zomwe zili patsamba la yunivesite, zina zonse mutumizeni ku ofesi yoona za thandizo la ndalama. Mungamuuze kuti mayunivesite owerengeka, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst ndi Dartmouth, sayang'ana ngati mwana wochokera kunja angakwanitse fizi pomusankha, ndipo akamutenga amamuthandiza molingana ndi kusowa kwa banja lake. Ena ambiri amayang'ana. Musatchule ndalama zomwe adzalandire, ndipo musadalire za m'nthawi yanu. Za viza ya ophunzira ya F-1 ndi fomu ya I-20, yomwe yunivesite imapereka yofunsira vizayo, malamulo ake amasinthasintha, ndiye mulozereni ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja ya yunivesiteyo ndi ku EducationUSA, omwe amalangiza mwaulere kudzera ku ofesi za kazembe wa America, kuphatikizapo ya ku Lilongwe.

Makolo andibweretsera kangachepe. Ndikane?

Kanani, ngakhale ikhale nkhuku kapena thumba la mtedza loperekedwa ndi mtima woyera. Auzeni kuti malamulo sakulolani, ndipo kulandira kungamuike mwana wawo m'mavuto. Akapitiriza kuimba foni kapena kutuma anthu odziwana nanu, dziwitsani wapampando.

Mwana akandiuza zoopsa, monga kuti akuchitidwa nkhanza kapena akufuna kudzipweteka?

Musamulonjeze kuti musunga chinsinsi. Mvetserani modekha, mufunseni ngati pali wamkulu yemwe amamukhulupirira, ndipo dziwitsani ofesi yosankha ophunzira tsiku lomwelo, osadikira lipoti. Ngati moyo wake uli pachiswe pa nthawiyo, za intaviyu zisiyeni, thandizani kuti afikire achipatala, apolisi kapena a zachitetezo cha ana a m'dera lake.

Yunivesite yanga inasiya ma intaviyu. Pali china chomwe ndingachite?

Ena anasiyadi. Columbia inalengeza mu 2023 kuti yathetsa ma intaviyu a ophunzira akale, Brown inawasintha ndi kanema wamfupi yemwe mwana amadzijambula yekha, ndipo Penn mu 2023 inawasandutsa kucheza wamba kopanda malikesi. Chifukwa chachikulu nchoti ofunsira anachuluka kuposa odzipereka, ndiye ena amapeza mwayi wocheza pomwe ena ayi. Komabe maofesiwa amafunabe anthu oimira yunivesite pa zionetsero za maphunziro, oyendera masukulu a sekondale, ndi oyankha mafunso a ana omwe atengedwa.

Zotsatira zikatuluka, ndimulembere?

Ngati watengedwa, inde. Ofesi imakudziwitsani, ndipo imakondwa mukamuyamikira ndi kumuthandiza pa mafunso ake mwezi wa Epulo, pomwe akusankha kopita. Musamuuze zotsatira iye asanazione yekha patsamba lake.

Ngati sanatengedwe, mayunivesite ambiri amati musayambe ndinu kulemba. Akakulemberani, muyankheni mwachidule ndi mwaulemu, muuzeni kuti zifukwa zake simukuzidziwa chifukwa simunali mu komiti, ndipo musanene malikesi omwe munamupatsa. Akakhala pa mndandanda wodikirira, kalata yosonyeza kuti akufunabe malo amalemba ndi iye mwini kupita ku ofesi, motsatira malangizo omwe ali m'kalata yomwe walandira.